Mmene mungafufuzire ndi kuyeza ming'alu ya chitetezo m'makompyuta ndi netiweki ya ofesi yanu

Kuno ku Kasungu, maofesi omwe amagwira ntchito ndi alimi amakhala pa kalikiliki kuyambira mwezi wa Malichi, pamene fodya ali m'zigafa ndipo aliyense akudikira kuti msika wa ku Chinkhoma utsegulidwe. M'makompyuta a maofesi amenewa muli mayina a alimi, manambala a ziphaso zawo za unzika, manambala a foni omwe amalandirira ndalama, komanso kaundula wa ngongole za feteleza ndi mbewu zomwe ziyenera kudulidwa fodya akagulidwa. M'masukulu, m'zipatala zing'onozing'ono ndi m'mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama, kuchokera pa boma mpaka ku Santhe, Chamama ndi Nkhamenya, nkhani yake ndi yomweyi: zomwe kale zinkakhala m'mabuku a m'kabati tsopano zili m'makina omwe alumikizidwa pa intaneti. Mu Febuluwale 2024, Lazarus Chakwera, yemwe anali Pulezidenti pa nthawiyo, anauza aphungu a Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti analowedwa ndi akuba a pa intaneti omwe ankafuna dipo, ndipo ntchito yopereka mapasipoti inali itaima. Ofesi ya makompyuta asanu ndi rauta imodzi, kabokosi kogawa intaneti, ilibe mpanda wolimba kuposa umenewo.

Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo chomwe chimandipweteka mtima n'chakuti nthawi zambiri ndimaitanidwa madzi atafika kale m'khosi. Malangizo awa ndawalembera munthu amene wapatsidwa udindo woyang'anira makina a ofesi, ngakhale sanapite kusukulu ya zimenezi, kuti athe kupeza yekha pomwe pali pofooka ndi kudziwa choyamba kukonza.

Poyamba, tengani chilolezo cholembedwa

Musanayatse pulogalamu iliyonse yofufuzira, lembani kalata yaifupi yomwe mkulu wa bungwe kapena wapampando wa komiti asayinepo. Lamulo la dziko lino la 2016, lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, limaletsa kulowa m'makina a kompyuta popanda chilolezo, ndipo zida zomwe mugwiritse ntchito pofufuza ndi zomwezo zomwe akuba amagwiritsa ntchito. Kalatayo inene zipangizo zomwe mwaloledwa kufufuza, tsiku ndi maola ake, ndi munthu woti mumuimbire china chake chikasokonekera. Pa boma, pomwe nyumba imodzi imakhala ndi maofesi anayi kapena asanu, kompyuta yanu idzaona Wi-Fi ya anzanu oyandikana nawo. Imeneyo si yanu ndipo musaikhudze. Makina a banki yanu, a kampani ya foni, ndi a kampani yomwe inakugulitsani pulogalamu yowerengera ndalama nawonso sali m'manja mwa bwana wanu, choncho iye sangakupatseni chilolezo chowafufuza. Sankhani nthawi yomwe ntchito yachepa, monga Loweruka masana, chifukwa zipangizo zakale zina zimauma zikamafufuzidwa.

Lembani chilichonse chomwe muli nacho

Gawo ili lilibe ukadaulo uliwonse, koma ndi lomwe limavumbula zambiri, ndiye musalithamangire. Tengani buku ndi cholembera, muyende chipinda ndi chipinda, ndipo mulembe chipangizo chilichonse chomwe chimalumikizidwa pa netiweki kapena kusunga uthenga wa ofesi: makompyuta a patebulo, malaputopu omwe antchito amapita nawo kunyumba ndi kumidzi, rauta, ka MiFi kosungira tsiku lomwe intaneti yavuta, printa, makamera a chitetezo ndi bokosi lake lojambulira, mafulashi, ndi mafoni a ofesi omwe amatumizira kapena kulandirira ndalama kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Mafoni a antchito eni ake omwe amadziwa pasiwedi ya Wi-Fi alembedwenso, pakuti nawo ali mkati mwa mpanda.

Pa chipangizo chilichonse mulembe zinthu zinayi: amene amachigwiritsa ntchito, zomwe zasungidwamo, pulogalamu yaikulu yomwe imachiyendetsa, ndi zomwe zingachitikire ofesi chitasowa mawa m'mawa. Funso lomalizali lifunseni kwa eni ntchito. Wowerengera ndalama ndiye angakuuzeni kuti fayilo imodzi ya Excel ndiyo ili ndi ngongole zonse za chaka chino, ndipo mlembi ndiye akudziwa kuti makalata onse a bungwe amadzera pa imelo yomwe inatsegulidwa ndi munthu amene anachoka zaka zitatu zapitazo. Mulembenso maakaunti a pa intaneti omwe sagwirika ndi manja, monga imelo, tsamba la Facebook la bungwe, Google Drive, ndi akaunti ya banki ya pa intaneti.

Chaka china ndikuyenda motere mu ofesi ya bungwe lina la alimi, ndinatsata chingwe cha netiweki chomwe chinalowa kuseri kwa kabati, ndipo ndinapeza kompyuta yakale yafumbi ikadali yoyaka. Palibe amene ankakumbukira ntchito yake. Munali foda yotsegukira aliyense wa pa netiweki, yokhala ndi zithunzi za ziphaso za alimi mazana angapo, ndipo pasiwedi ya Wi-Fi ya ofesiyo inali yodziwika ngakhale kwa anyamata ogulitsa mayunitsi panja. Palibe pulogalamu yomwe ikanandiuza kufunika kwa kompyuta imeneyo ndikanapanda kuiona ndi maso.

Yambani ndi rauta

Rauta ndiyo chipata cha ofesi yonse. Pa kompyuta ya Windows yomwe yalumikizidwa, tsegulani Command Prompt ndi kulemba mawu akuti ipconfig, kenako muone nambala yomwe ili pa mzere wa Default Gateway. Kawirikawiri imakhala 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, ndipo ma rauta ndi ma MiFi ambiri a Huawei amagwiritsa 192.168.8.1. Lembani nambalayo mu browser ndipo tsamba lolowera lidzatseguka. Yesani dzina ndi pasiwedi zomwe zalembedwa pa kapepala kunsi kwa rauta. Ngati mwalowa ndi admin pa dzina ndi admin pa pasiwedi, mwapeza mng'alu wanu woyamba, ndipo ndi waukulu. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda ma rauta ndi makamera zikwi mazana ambiri padziko lonse pongoyesa mayina ndi mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60, omwe eni zipangizozo sanawasinthe.

Mukalowa, musasinthe kanthu kaye. Lero ndi tsiku loona ndi kulemba. Yang'anani mtundu wa chitetezo cha Wi-Fi. WPA2 kapena WPA3 ndi zovomerezeka, pomwe WEP inathyoledwa kalekale ndipo munthu wokhala pakhonde ndi laputopu angaitsegule m'mphindi zochepa. Onani ngati WPS, njira yachidule yolumikizira chipangizo pa Wi-Fi popanda kulemba pasiwedi, ndi yoyatsidwa, chifukwa nambala yake ya manambala asanu ndi atatu ndi yosavuta kuilosera pa ma rauta ambiri akale. Onani ngati Remote Management ndi yotsegula, zomwe zimalola munthu wakunja kufika pa tsamba lolowera lija kudzera pa intaneti. Pitani pa Port Forwarding ndi UPnP muone makomo omwe atsegulidwira kunja. Oika makamera amakonda kutsegula makomo otere kuti bwana aziona ofesi pa foni ali ku Lilongwe, ndipo nthawi zambiri sawuza aliyense. Lembani nambala ya firmware, pulogalamu ya mkati yomwe imayendetsa rauta, ndi kuiyerekeza ndi yomwe ili pa tsamba la kampani yomwe inapanga rautayo. Pomaliza tsegulani mndandanda wa zipangizo zomwe zalumikizidwa, muuyerekeze ndi buku lanu lija. Dzina lililonse lomwe mulibe m'bukumo likufunika mwini wake.

Fufuzani netiweki ndi Nmap

Nmap ndi pulogalamu yaulere yomwe Gordon Lyon anaitulutsa mu 1997, ndipo mpaka lero ndiyo chida choyamba cha aliyense wofufuza netiweki. Itengeni pa tsamba lake lenileni la nmap.org basi, chifukwa mapulogalamu otengedwa kwina amabwera ndi zawo. Ya Windows imabwera ndi Zenmap, yomwe imakupatsani malo olembapo ndi kuonetsa zotsatira mooneka bwino. Ngati rauta yanu ili pa 192.168.1.1, lembani:

nmap -sn 192.168.1.0/24

Lamulo limeneli limagogoda pa manambala onse 256 a netiweki yanu ndi kukuuzani omwe ayankha, ndipo nthawi zambiri limatchulanso kampani yomwe inapanga chipangizocho. Yerekezaninso ndi buku lanu. Chipangizo chozimitsidwa sichiyankha, choncho ndi bwino kubwereza gawo lopepuka limeneli tsiku lantchito, pamene aliyense ali pa mpando wake.

Kenako pitani pa chipangizo chimodzichimodzi. Kompyuta iliyonse ili ndi makomo a manambala, omwe akatswiri amawatcha ma port, okwana 65535, ndipo pulogalamu iliyonse yodikira alendo ochokera pa netiweki imakhala kuseri kwa khomo lake. Kuti muone omwe ali otsegula pa kompyuta ya nambala 192.168.1.20, lembani:

nmap -sV 192.168.1.20

Apa Nmap imayesa makomo 1000 omwe amagwiritsidwa ntchito kwambiri, n'kufunsa pulogalamu yomwe ili kuseri kwa khomo lililonse lotsegula dzina lake ndi mtundu wake. Pa makina ofunika kwambiri, monga seva (kompyuta yomwe makompyuta ena amatengamo mafayilo ndi mapulogalamu) kapena bokosi la makamera, onjezani -p- kuti iyese makomo onse, ngakhale zimatenga nthawi. Samalani ndi maprinta akale, chifukwa ena amauma kapena kuyamba kusindikiza zilembo zosamveka mpaka mapepala kutha.

Zotsatira zikabwera, pali manambala omwe ayenera kukuimitsani. Khomo 23 ndi la Telnet ndipo 21 ndi la FTP. Ziwirizi zimatumiza pasiwedi poyera, moti aliyense womvetsera pa netiweki angaiwerenge. Khomo 3389 ndi la Remote Desktop, lomwe limalola munthu kuyendetsa kompyuta ali kutali, ndipo akuba ofuna dipo amalikonda kwambiri likakhala lotsegukira intaneti. Khomo 445 ndi logawirana mafayilo pa Windows. Khomo 3306 ndi la MySQL, komwe mapulogalamu ambiri a sukulu ndi a ndalama amasunga kaundula wawo. Makomo 80 ndi 443 pa printa kapena kamera akutanthauza kuti chipangizocho chili ndi tsamba lolowera, ndiye litseguleni mu browser muone ngati likufunsa pasiwedi. Khomo lotsegula palokha si mlandu, pakuti ofesi yogawana foda imafunadi 445. Chomwe mukufuna kudziwa n'chakuti alipo amene akuligwiritsa ntchito, komanso ndani angafike pa ilo. Khomo lomwe palibe amene angafotokoze ntchito yake lilembeni ndi inki yofiira.

Onani zaka za mapulogalamu

Pa kompyuta iliyonse ya Windows, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe winver, ndipo mudzaona mtundu wake. Microsoft inasiya kutulutsa zokonza za Windows XP mu Epulo 2014, za Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta yotere imapitiriza kugwira ntchito bwinobwino, n'chifukwa chake eni ake saona vuto, koma mng'alu womwe wapezeka pambuyo pa masiku amenewa kawirikawiri umakhala wosamatidwa mpaka kalekale. Tsegulaninso Windows Update muone tsiku lomwe update yomaliza inalowa.

Ndikudziwa chifukwa chomwe maofesi ambiri kuno amazimitsira ma update: bandulo ndi yodula, ndipo kompyuta imodzi ikhoza kumaliza ya mwezi wonse usiku umodzi. Chifukwacho n'chomveka, koma mtengo wa mbali inayo ndi wowawa koposa. Mu Meyi 2017 pulogalamu ya WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta oposa 200,000 m'mayiko pafupifupi 150, kuphatikizapo zipatala za boma ku England, podzera pa khomo 445 lija. Microsoft inali itatulutsa kale chokonza chake mu Malichi chaka chomwecho, ndipo omwe anagwidwa ambiri anali oti sanachilowetse. Pa Windows 10 ndi 11 pali Delivery Optimization, yomwe imalola makompyuta a pa netiweki imodzi kugawana update yomwe mnzawo watenga kale, ndipo izi zimachepetsa data yomwe ofesi imawononga.

Musaiwale mapulogalamu ena: browser, Microsoft Office, chowerengera PDF, Java, ndi antivirus, yomwe mwina laisensi yake inatha kalekale ngakhale chizindikiro chake chikuonekabe pakona. Lembani padera pulogalamu iliyonse yothyoledwa yomwe inaikidwa ndi wokonza makompyuta wa pamsika, chifukwa zida zothyolera laisensi nthawi zambiri zimafuna kuti antivirus izimitsidwe, ndipo zina zimasiya khomo lawo lobisika. Mukapeza AnyDesk kapena TeamViewer, mapulogalamu olola munthu kuyendetsa kompyuta ali kutali, funsani amene anaiika ndi amene akudziwa pasiwedi yake. Ndaonapo makompyuta a ndalama omwe katswiri wina wakale ankathabe kulowamo nthawi iliyonse ali kwawo.

Gwiritsani pulogalamu yofufuza ming'alu yodziwika

Ming'alu yomwe yapezeka m'mapulogalamu imalembedwa m'kaundula wapadziko lonse wotchedwa CVE, yemwe bungwe la MITRE ku America linayambitsa mu 1999. Uliwonse umapatsidwa nambala yoyamba ndi chaka. Mwachitsanzo CVE-2021-44228 ndi mng'alu wa m'pulogalamu yotchedwa Log4j womwe unasautsa makampani padziko lonse mu Disembala 2021. Umapatsidwanso malikisi oyeza kuopsa kwake, otchedwa CVSS, kuyambira 0 mpaka 10: kuyambira 9.0 kupita m'mwamba ndi woopsa zedi, 7.0 mpaka 8.9 ndi waukulu, 4.0 mpaka 6.9 ndi wapakati, ndipo pansi pa apo ndi waung'ono. Wa Log4j uja unapatsidwa 10.

Ngati zipangizo zanu ndi zochepa, mungathe kutenga dzina ndi mtundu wa pulogalamu zomwe Nmap yakupatsani n'kuzifufuza nokha pa tsamba la National Vulnerability Database. Zikachuluka, pali mapulogalamu omwe amachita ntchitoyi okha. OpenVAS ya kampani ya Greenbone ndi yaulere koma imafuna Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yosiyana ndi Windows, ndi kompyuta yamphamvu pang'ono, ndipo poyamba imatenga data yambiri pokoka kaundula wake. Nessus ya kampani ya Tenable ndi yosavuta kuika pa Windows. Iliyonse mwa izi muipatse manambala a zipangizo zomwe zili m'kalata yanu ya chilolezo basi. Ngati n'kotheka ipatseninso dzina ndi pasiwedi yolowera m'makompyutawo, chifukwa ikayang'ana ili mkati imaona mapulogalamu onse omwe aikidwa, pomwe ikaima panja imangolosera kuchokera pa zomwe makomo akuyankha.

Lipoti lake lidzakhala lalitali ndi lofiira moopsa, ndipo musachite nalo mantha. Zina mwa zomwe lanena zimakhala zolakwika, makamaka pomwe pulogalamu yangoona nambala ya mtundu osadziwa kuti chokonza chinalowa kale. Tengani zazikuluzo, mupite pa makina enieniwo mukatsimikize chimodzichimodzi. Musayese kuthyola kuti muone ngati mng'aluwo ndi weniweni. Imeneyo ndi ntchito ina yofuna ukatswiri ndi chilolezo chakechake, ndipo ikhoza kugwetsa makina omwe ofesi imadalira.

Anthu, mapasiwedi ndi mafulashi

Ming'alu yomwe ndimaipeza kwambiri kuno ilibe nambala ya CVE. Pa kompyuta iliyonse lembani net user mu Command Prompt kuti muone maakaunti onse, ndipo mufunse ngati eni ake akadali pa ntchito. Onani ngati anthu amagwira ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi akaunti ya Administrator, chifukwa vairasi yolowa pa akaunti yotere imatenga mphamvu zonse za kompyutayo. Yang'anani pansi pa keyboard, m'madirowa ndi pa kalendala ya pakhoma, pomwe mapasiwedi amakonda kulembedwa. Musafunse munthu kuti akuuzeni pasiwedi yake. Mufunseni ngati muli dzina la mwana wake, chaka chobadwa kapena nambala ya foni, ndiponso ngati amaigwiritsa ntchito malo oposa amodzi. Ma imelo a ofesi mungawalembe pa tsamba la Have I Been Pwned, lomwe Troy Hunt anayambitsa mu 2013, ndipo lidzakuuzani ngati imeloyo inapezeka m'mindandanda yomwe inabedwa ku makampani ena. Onaninso ngati imelo, Facebook ndi WhatsApp za ofesi zili ndi chitsimikizo chachiwiri, chija chofuna nambala ina kuwonjezera pa pasiwedi.

Pa foni ya ndalama, funsani kuti ndi anthu angati akudziwa PIN yake, SIM khadi inalembetsedwa m'dzina la yani, ndipo foniyo imagona kuti. Funsaninso antchito zomwe angachite atalandira foni ya munthu wodzitcha wa kampani ya foni kapena wa banki, wonena kuti akaunti itsekedwa akapanda kutchula nambala yomwe yangobwera pa uthenga. Mafunso awa afunseni mwaulemu ndi padera. Mayi wachikulire amene wasunga mabuku a bungwe mokhulupirika zaka makumi awiri sayenera kuchititsidwa manyazi pamaso pa ana ake a ntchito chifukwa cha pasiwedi, ndipo mukamuchititsa manyazi, tsiku lomwe adzadina uthenga wachinyengo sadzakuuzani.

Fulashi nayo ndi njira yakale yomwe sinatsekekebe. Imachoka mu ofesi kupita kosindikiza zikalata pamsika, n'kubwera mafoda ake atasanduka ma shortcut, ndipo woidina walowetsa vairasi. Werengani mafulashi omwe amayenda motere ndi makompyuta omwe amalowetsedwamo.

Yesani kubweza zomwe munasunga

Funsani komwe kuli backup, makope a mafayilo osungidwa padera, ndipo mukauzidwa, musakhutire ndi yankho la pakamwa. Tengani fayilo imodzi yofunika kuchokera mu backup, muitsegule pa kompyuta ina, muone tsiku lake. Diski yomwe imakhala yolumikizidwa pa kompyuta usana ndi usiku idzatsekedwa limodzi ndi kompyutayo ransomware, pulogalamu ya akuba yotseka mafayilo pofuna dipo, ikalowa, ndipo idzapsa nayo limodzi mphezi ikagwa mu Januwale. Akatswiri amalangiza makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa ofesi. Mukadali pomwepo, onani ngati malaputopu opita kumidzi ali ndi BitLocker kapena njira ina yobisa zomwe zili mu diski, pakuti laputopu yoiwalika pa kabaza kapena mu minibasi ya ku Mtunthama imawerengeka mosavuta ngakhale ili ndi pasiwedi. Onaninso mawindo, loko wa chipinda cha seva, ndi UPS, chipangizo chopatsa kompyuta moto magetsi akazima, ngati batire lake likusungabe moto.

Yezani zomwe mwapeza

Pofika apa muli ndi mndandanda wautali, mwina zinthu makumi asanu kapena kuposa, ndipo bungwe lilibe ndalama kapena nthawi yokonza zonse mwezi uno. Apa ndiye pagona ntchito yeniyeni, ndipo palibe pulogalamu yomwe ingakugwirireni. Malikisi a CVSS amanena kuopsa kwa mng'alu paokha, osadziwa ofesi yanu, zomwe mumasunga kapena anthu omwe amalowa ndi kutuluka. Pa chofooka chilichonse dzifunseni mafunso atatu. Ndani angafike pamenepa: aliyense wa pa intaneti, aliyense wodziwa Wi-Fi, kapena yekhayo wokhala pa mpando wa kompyutayo? Atafikapo, chingatayike n'chiyani: ndalama, mbiri za anthu, ntchito ya sabata yathunthu, kapena kanthu kochepa? Nanga akuba akugwiritsadi ntchito mng'alu umenewu panopa? Pa funso lachitatu, bungwe la boma la America lotchedwa CISA lakhala likusindikiza kuyambira mu Novembala 2021 mndandanda wa Known Exploited Vulnerabilities, womwe uli ndi ming'alu yokhayo yomwe yatsimikizika kuti yagwiritsidwa ntchito pakuba. Nambala ya CVE yomwe mwapeza ikakhala mmenemo, ikwezeni pamwamba.

Tiyerekeze zinthu ziwiri. Pulogalamu yofufuza yapeza mng'alu wa malikisi 9.8 pa kompyuta yakale yolembera makalata, yomwe mulibe mbiri za anthu ndipo ingathe kuchotsedwa pa netiweki lero lomwe popanda ntchito kuima. Mbali inayi, inu mwapeza ndi maso kuti kaundula yense wa ngongole za alimi ali pa laputopu imodzi yopanda backup, yomwe mwini wake amatsegulirapo chilichonse chobwera pa imelo. Chachiwirichi sichidzaoneka m'lipoti la pulogalamu iliyonse, komabe ndicho chingagwetse bungwe pa nthawi ya msika, pamene alimi ali pa mzere kufuna kudziwa zomwe adulidwa. Choyambacho mankhwala ake ndi kuzula chingwe. Ine ndimaika zopeza zanga m'magulu atatu okha: zokonza sabata ino, zokonza mwezi uno usanathe, ndi zodikira bajeti. Chomwe chimadabwitsa makomiti ambiri n'chakuti gulu loyamba nthawi zambiri silifuna ndalama: kusintha pasiwedi ya rauta, kutseka Remote Management ndi WPS, kufafaniza maakaunti a omwe anachoka, kuyatsa chitsimikizo chachiwiri, ndi kukopera mafayilo ofunika pa diski yomwe ikasungidwe kwina.

Pomwe pali mbiri za anthu, kwezani muyeso. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limapereka udindo kwa aliyense wosunga mbiri za anthu kuti aziteteze, ndipo MACRA ndiyo imayang'anira lamuloli. Kupatula lamulo, mlimi wa ku Chulu amene anapereka chiphaso chake kuti alandire feteleza anakhulupirira ofesi yanu, ndipo dzina ndi nambala yake zikafika kwa anthu achinyengo, iye ndiye adzaimbiridwe foni yomunamiza kuti wapambana mphoto kapena kuti ngongole yake yasintha.

Lembani lipoti, konzani, mubwerezenso

Lipoti lopita kwa akuluakulu lisapitirire masamba awiri, ndipo lilembedwe m'chilankhulo chomwe wapampando angawerenge popanda womasulira. Pa chofooka chilichonse nenani chomwe mwapeza, malo ake, chomwe chingachitike, chokonza chake, mtengo wake m'makwacha ngati ulipo, ndi dzina la woyenera kukonza pamodzi ndi tsiku. Mawu akuti port 3389 sadzasuntha komiti. Lembani kuti munthu wakunja angathe kuyendetsa kompyuta ya ndalama ali kwawo. Zotsatira za Nmap ndi za pulogalamu yofufuza zikhale kumapeto, kuti katswiri wina adzazione. Lipoti limeneli ndi mapu a pofooka ponse pa ofesi yanu, choncho lisatumizidwe pa gulu la WhatsApp, ndipo makope ake akhale owerengeka. Ngati mungapeze mnzanu wodziwa ntchitoyi wochokera kwina, mupempheni, ndi chilolezo cha akuluakulu, kuti aone zomwe mwapeza, paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Pokonza, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mulembe momwe chinalili kale, ndipo mutsimikize kuti printa ikusindikizabe ndi pulogalamu ya ndalama ikutsegukabe musanapite pa china. Mukamaliza, bwerezani malamulo a Nmap omwe aja kuti muone ngati makomo atsekekadi, chifukwa nthawi zina rauta imaiwala zomwe mwasintha magetsi akazima musanadine Save. Kafukufuku yense achitike kawiri pa chaka, kamodzi msika wa fodya usanatsegulidwe, komanso nthawi iliyonse yomwe mwagula chipangizo chatsopano kapena wantchito wodziwa mapasiwedi wachoka.

Ngati pofufuza mwapeza zizindikiro zoti wina analowa kale, monga akaunti yachilendo ya Administrator, mafayilo osinthidwa mayina omwe sakutseguka, kapena imelo yomwe ikutumiza makope a makalata ku adiresi yosadziwika, imitsani kafukufuku. Zulani chingwe cha netiweki ndi kuzimitsa Wi-Fi pa kompyutayo, koma musaifafanize kapena kuikamo Windows yatsopano, chifukwa umboni uli momwemo. Jambulani zomwe zili pa sikirini, lembani tsiku ndi ola, sinthani mapasiwedi mukugwiritsa ntchito chipangizo china chomwe mukuchikhulupirira, ndipo dziwitsani banki ndi kampani ya foni ngati ndalama zakhudzidwa. Kenako akuluakulu a bungwe akanene ku polisi ndi ku Malawi CERT, nthambi ya MACRA yomwe lamulo la 2016 lija linakhazikitsa kuti izilandira madandaulo a mtundu umenewu.